Kufuna Ntchito Ina Mwakachetechete: Nkhani ya ku Minda ya Tiyi ku Thyolo

Munthu woyenda pa mseu wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje, akangopitirira Bvumbwe ndi kuyandikira boma la Thyolo, amaona zitunda zitafundidwa ndi tiyi wobiriŵira mbali zonse ziŵiri. M'dzinja, kuyambira Disembala kufikira Epulo, m'mizere ya tiyiyo mumadzaza anthu, madengu ali kumsana, manja ali pa nsonga kuthyola masamba aŵiri ndi kamphukira. Pa nyengo imeneyi minda ya tiyi ya m'Malaŵi imalemba anthu pafupifupi 50,000, ndipo ochuluka mwa iwo ali ku Thyolo ndi ku Mulanje. Pakati pa anthu ameneŵa, kuyambira othyola tiyi, akapitao, makalaliki, amakanika a m'fakitale kufikira oyendetsa mathirakitala, pali ena amene m'thumba mwawo muli kalata yopindapinda, kapena mu lamya yawo muli uthenga umene sanauze mnzawo aliyense. Akufuna ntchito kwina. Nkhani ya lero ndi ya anthu otere, ndipo funso lake ndi ili: kodi munthu amene akulandira malipiro kwa bwana wina, nafunafuna ntchito kwa winanso mwakachetechete, akuchita chinyengo kapena akuchita mwanzeru?

Funso limeneli limalemera kwambiri pa esiteti kuposa m'tauni. Kalaliki wa ku Blantyre akaŵeruka amakwera basi kupita ku Ndirande kapena ku Bangwe, kumene amalipira yekha nyumba, ndipo bwana wake sadziŵa ngakhale njira ya kwawoko. Wa pa esiteti moyo wake wonse uli pa malo a ntchito. Kaŵirikaŵiri nyumba imene amagonamo ndi ya kampani, madzi amene amamwa ndi a pa mpopi wa kampani, mwana akadwala amapita naye ku chipatala cha pa esitetipo, ndipo sukulu ya ana ake ili m'kati mwa munda womwewo. Woyandikana naye nyumba ndi kapitao wake, mkazi wake amatunga madzi limodzi ndi mkazi wa kalaliki wa malipiro, ndipo mkulu wa mpingo amene amamulalikira Lamulungu ndiye amamuyang'anira m'fakitale Lolemba. Pa malo otere mawu otuluka m'maŵa pa mpopi amakhala atafika ku ofesi dzuŵa lisanapendeke. Ntchito ikagwedezeka, denga, mankhwala ndi sukulu ya ana zimagwedezeka nazo.

Kubisa ulendo si chinthu chachilendo ku Thyolo, ndipo kuli ndi chiyambi chake. Tiyi adayamba kulimidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, nafika ku Thyolo patapita zaka zoŵerengeka. Munda wa Satemwa, mwachitsanzo, adauyamba Maclean Kay mu 1923. Malo aakulu a bomali adali m'manja mwa Azungu ndi makampani awo, monga British Central Africa Company. Antchito ambiri adali Alomwe amene adaoloka malire kuchokera ku Mozambique pothaŵa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Pofika kuno adalibe malo awoawo, chotero adamanga pa malo a maesiteti, ndipo mtengo wa malowo udali thangata. Liwu limeneli poyamba lidali labwino, lotanthauza kuthandizana kwa anthu a mudzi umodzi, koma pa esiteti lidasanduka ntchito imene munthu adali kugwira kuti asachotsedwe pamene adamanga.

Lamulo la mu 1928 lonena za anthu okhala pa malo a eni maesiteti lidapatsa mwini malo mphamvu yochotsa kufikira banja limodzi mwa mabanja khumi alionse pa zaka zisanu zilizonse popanda kupereka chifukwa. Lidamupatsanso mphamvu yochotsa mwana wamwamuna wa m'banjamo akafika zaka 16, ndi yokaniza mkamwini kumanga pamalopo. Tsono mwamuna amene adamva kuti ku Halale kapena ku Joni kuli malipiro ochulukirapo sakadaimba ng'oma. Adali kunong'oneza mkazi wake ndi atsibweni ake okha, namanga kafukusi, nanyamuka tambala asanalire. Pofika m'maŵa kapitao adali kuitana dzina la munthu amene adali ataoloka kale mitsinje iŵiri. Ena adabwerako ndi njinga ndi makina osokera, ena adasanduka matchona, osaonekanso. Kuŵaŵa kwa thangata ndi kusoŵa kwa malo ndizo zina mwa zimene zidautsa chipolowe cha mu Ogasiti 1953, chimene chidayambira ku Thyolo ndi kufalikira m'maboma oyandikana nawo, ndipo anthu 11 adafa. Thangata adathetsedwa ndi lamulo mu 1962.

Ngakhale thangata atatha, chinsinsi cha wofuna ntchito chidakhalabe chovuta kusunga, ndipo chopinga chachikulu chidali thumba la makalata. Kwa zaka zambiri wantchito wa pa esiteti adalibe keyala ina koma ya kampani. Akaona chilengezo cha ntchito mu nyuzipepala nalemba kalata yofunsira, yankho lidali kubwera m'thumba la esiteti, kutsegulidwa pa tebulo la mu ofesi, ndipo mesenjala ndi makalaliki adali kuona chidindo cha kampani ina pa envulopu mwini wake asanaigwire. Ochenjera adali kupempha keyala ya tchalitchi, ya sukulu ya kumudzi kapena ya mbale wa ku Luchenza. Lero thumba lija laloŵedwa m'malo ndi lamya ya m'manja ndi intaneti, koma msampha ndi womwewo. Wolemba kalata yofunsira ntchito pa kompyuta ya mu ofesi, wotumiza pa imelo ya kampani, wosindikiza pa makina a bwana ndi kuiŵala pepala pomwepo, kapena wolengeza pa Facebook ndi pa gulu la WhatsApp la anzake a pantchito kuti akufuna malo, ameneyo waika yekha kalata yake pa tebulo lija.

Chimene chidasintha kwenikweni ndi lamulo. Malamulo oyendetsera dziko a mu 1994 amanena m'gawo 27 kuti munthu asagwiritsidwe ntchito yokakamiza kapena yomumangirira ngati kapolo, ndipo m'gawo 29 amapatsa aliyense ufulu wogwira ntchito ndi kufuna zodzithandizira pena paliponse m'Malaŵi. Lamulo la zantchito la mu 2000 limaonjeza kuti bwana sangachotse munthu popanda chifukwa chomveka chokhudza kagwiridwe kake ka ntchito, khalidwe lake kapena zofunika pa kayendetsedwe ka kampani, ndipo ngati chifukwacho ndi khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, munthuyo ayenera kupatsidwa mpata woyankhapo. Wochotsedwa mopanda chilungamo ali ndi miyezi itatu yokadandaula ku ofesi ya zantchito ya pa boma, imene anthu amangoti ku leba, ndipo mlandu ukakanika kumeneko umapita ku khoti la Industrial Relations Court. Palibe pamene lamuloli limalamula wantchito kuti auze bwana wake tsiku limene wayamba kuganiza zochoka. Chimene limafuna ndi notisi pa nthaŵi yochokayo.

Wina angafunse kuti, ngati lamulo likuteteza chotere, kubisa n'kwa chiyani? Yankho lake ndi lakuti pali zambiri zimene lamulo silingazione. Bwana akamva kuti kalaliki wake wa pa sikelo akufunsira ntchito ku Limbe, sangamuchotse, koma pamene akusankha wopita ku maphunziro adzaganiza za wina, pamene mpando wa kalaliki wamkulu watseguka adzayang'ana wina, ndipo pempho la ngongole ya feteleza kapena la nyumba yokulirapo lidzachedwa m'kabati. Wa pangano la nyengo imodzi angaone dzina lake likusoŵa pa mndandanda wa olembedwanso dzinja likudzalo, popanda womuuza chifukwa. Anzake nawonso amayamba kumuona ngati mlendo amene wamanga kale katundu, ndipo ena amayamba kupimira mpando wake iye akadali pomwepo. Choipa koposa n'chakuti mwa makalata ambiri amene munthu amalemba, ochuluka sayankhidwa. Wolengeza msanga amatsala pa ntchito yakale yomweyo, atataya chikhulupiriro cha bwana, ntchito yatsopanoyo osaipeza. Akuluakulu adati mapanga aŵiri avumbwitsa, ndipo mwambi umenewu umagwira bwino munthu amene watuluka m'phanga loyamba ndi pakamwa asanaone khomo la lachiŵiri.

Chotero kukhala chete pa nthaŵi yofunafuna si mlandu. Mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi, ndipo bambo kapena mayi amene akuona kuti malipiro sakufika pa fizi ya ana ali ndi udindo woyang'ana kwina. Komabe chinsinsi chili ndi malire ake, ndipo munthu akadutsa malirewo chimasanduka chinyengo.

Malire oyamba ndi a nthaŵi ndi zipangizo za bwana. Maola amene kampani imalipira ndi a kampani. Kalata ilembedwe madzulo kunyumba, kapena Loŵeruka kwa osindikiza makalata a pa Thyolo boma, pa Luchenza kapena pa Bvumbwe, ndipo nambala ya lamya yopereka kwa olemba ntchito ikhale ya mwini wake. Wofuna ntchito apitirize kufika pa nthaŵi, kusunga bwino mabuku a sikelo ndi kuyang'anira mzere wake monga kale. Chimene chimaulula anthu ambiri si kalata ayi, koma manja amene ayamba kulefuka. Kapitao wakale amadziŵa munthu amene mtima wake wanyamuka pongoona kathyoledwe kake. Ndiponso zinsinsi za kampani, monga mitengo, maina a ogula kapena kapangidwe ka tiyi wa m'fakitale yake, si katundu woti munthu anyamule kukakometsera pempho lake kwina. Wolemba ntchito wanzeru akalandira mphatso yotere amadziŵiratu kuti tsiku lina zakenso zidzanyamulidwa.

Malire achiŵiri ndi a bodza. Tsiku la intavyu likafika, ambiri amagwa m'chiyeso chonamizira matenda kapena maliro. Lamulo la mu 2000 limapatsa wogwira masiku 6 pa mlungu tchuthi cha masiku 18 pa chaka, ndi wogwira masiku 5 tchuthi cha masiku 15. Tsiku limodzi la tchuthi chimenechi, lopemphedwa nthaŵi ikadalipo ndi mawu akuti pali za kunyumba zofunika kukonza, limakwanira ulendo wa ku Blantyre ndi kubwerako, ndipo mawuwo ndi oona. Koma wonena kuti amalume amwalira ku Thekerani wadzitchera yekha msampha, pakuti pa esiteti maliro si a munthu mmodzi. Anzake adzasonkha chipepeso, a mpingo adzafunsa tsiku loika, mwina kampani idzapereka galimoto, ndipo mlungu usanathe wina adzakumana ndi malemuwo akugula usipa pa msika. Kupha wamoyo ndi pakamwa ndi chinthu chimene anthu saiŵala, ndipo bodza lotere limapatsa bwana chifukwa chenicheni cha mwambo chimene poyamba adalibe. Ngati bwana afunsa maso ndi maso, yankho laulemu lilipo lopanda bodza: "Bwana, pakadali pano ndili pa ntchito yanu ndipo ndikuigwira ndi mtima wonse. Pakadzakhala chosintha, mudzamva kwa ine ndemwe, osati kwa wina."

Malire achitatu ndi a m'nyumba. Chinsinsi chobisira ofesi sichiyenera kubisira banja. Mkazi kapena mwamuna wa wofuna ntchitoyo ndiye adzasamuke naye, adzasiye dimba ndi kusamutsa ana pa sukulu, chotero ayenera kudziŵa kuyambira pachiyambi, pamodzi ndi mwini mbumba kapena mkulu mmodzi wokhulupirika. Pali chifukwa chinanso. Anthu akuba amakonda munthu amene sanauze aliyense. Amatumiza uthenga pa lamya kuti ntchito yapezeka ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena kutsidya kwa nyanja, koma pafunika kutumiza ndalama za fomu kapena za pasipoti lero lomwe, ndipo amalangiza kuti nkhaniyo isamveke. Ntchito yeniyeni sigulidwa. Munthu amene ali ndi womuuza amapeza womufunsa kuti: "Kodi ofesi yawo mwaiona? Kalata yawo ili kuti?" Koma ouzidwawo akhale oŵerengeka, ndipo ana aang'ono asamve, poti mwana sadziŵa kuti zimene wamva pa mkeka si za ku sukulu.

Pali nkhani inanso ya omuchitira umboni. Olemba ntchito amafuna maina a anthu aŵiri kapena atatu amene anganene za khalidwe la wopemphayo. Poyamba ndi bwino kutchula mphunzitsi wamkulu wakale, mbusa kapena bwana wa pa ntchito yakale, ataŵapempha chilolezo, ndi kupempha mwaulemu m'kalatamo kuti a pa ntchito ya tsopano asafunsidwe kufikira pempho litavomerezedwa. Komabe wofuna kuchoka pa esiteti ina kupita pa ina adziŵe kuti dziko la tiyi ndi laling'ono. Mamanijala a ku Thyolo ndi a ku Mulanje amadziŵana, amakumana m'misonkhano ya bungwe la Tea Association of Malawi, ndipo tiyi wawo amakumana pa msika wa ku Limbe. Munthu angachite zonse bwino, nkhani n'kumvekabe. N'chifukwa chake chinsinsi chabwino ndi chimene chitaululika sichichititsa manyazi. Amene sadaname, sadabe nthaŵi ndipo sadanyoze bwana wake pa intavyu, akafunsidwa amangoti: "Ndi zoona, bwana," nayang'ana kutsogolo.

Tsiku lothetsa chinsinsi ndi limene kalata yolembedwa ntchito yafika m'manja, yosainidwa, yonena malipiro ndi tsiku loyamba. Lonjezo la pa lamya kapena la pa moŵa si kalata. Asanasaine, munthu akhale pansi ndi kuŵerengera. Malipiro a m'tauni amaoneka aakulu kufikira atachotsapo lendi, madzi, makala, basi ya tsiku ndi tsiku ndi mankhwala, zimene zina mwa izo pa esiteti sadali kulipira. Adziŵenso kuti kuyambira pa kusintha kwa lamulo kwa mu 2010, ndalama za chipukutamisozi cha kutha kwa ntchito zimaperekedwa kwa wochotsedwa chifukwa cha kuchepetsa antchito kapena wochotsedwa mopanda chilungamo, osati kwa wosiya yekha mwa kufuna kwake. Za penshoni ndi zina: kwa amene ali pa penshoni, bwana amaikako 10 pa 100 iliyonse ya malipiro ndipo wantchito amaikako 5, ndipo ndalama zimenezi zimakhala m'dzina la wantchitoyo ngakhale asinthe ntchito. Ngati pali ngongole ya kampani kapena ya bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama, aidziŵe kukula kwake, pakuti idzatchulidwa pa malipiro otsiriza.

Tsono ifike notisi, yolembedwa. Kwa wa pangano lopanda tsiku lothera, gawo 29 la lamulo la mu 2000 limati wolandira pa mwezi apereke mwezi umodzi. Wolandira pa milungu iŵiri apereke milungu iŵiri ngati sanakwanitse zaka 5, ndi mwezi umodzi ngati wakwanitsa. Wolandira pa mlungu apereke mlungu umodzi ngati sanakwanitse zaka 2, milungu iŵiri pakati pa zaka 2 ndi 5, ndi mwezi umodzi kuyambira zaka 5. Wochoka popanda notisi angalipitsidwe ndalama zofanana ndi malipiro a masiku a notisiyo. Pangano lenileni la munthu, kapena mgwirizano wa eni minda ndi bungwe la antchito a m'minda la PAWU, umene woyamba wake udasainidwa mu 2016, zingakhale ndi mfundo zoonjezera, chotero ndi bwino kuziŵerenga kapena kufunsa nthumwi ya bungwelo. Woyamba kumva akhale bwana womuyang'anira, pakamwa ndi m'kalata tsiku lomwelo, anzake asanamve. M'masiku a notisiwo aphunzitse womuloŵa m'malo, apereke makiyi, mabuku ndi zipangizo zonse polemberana, agwirizane za tsiku lotuluka m'nyumba, ndipo apemphe setifiketi ya kutha kwa ntchito. Lamulo limati bwana aipereke wantchito akaipempha, yonena kutalika kwa nthaŵi imene wagwira ndi udindo umene adali nawo, ndipo asalembemo maganizo ake pa za kagwiridwe ka ntchito pokhapokha mwini wake atapempha.

Eni minda ndi mamanijala nawonso ali ndi gawo lawo pa nkhani imeneyi. Bwana amene wamva mphekesera kuti makanika wake wabwino akufuna kuchoka ali ndi njira ziŵiri. Angamuzunze mpaka achoke ndi mkwiyo, ndipo otsala onse adzaphunzira kubisa kwambiri ndi kuchoka modzidzimutsa pakati pa dzinja, pamene tiyi sadikira munthu. Kapena angamuitane padera ndi kumufunsa chimene chikumusoŵa. Nthaŵi zina chimakhala chinthu chokonzeka, monga denga lodontha, mpando umene adalonjezedwa kale kapena kapitao womunyoza. Chikakhala chosakonzeka, bwanayo wapeza nthaŵi yokonzekera. Ndipo kwa anzake a pantchito amene aona kalata kapena amva lamya ikulira pa nthaŵi yachilendo, ulemu ndi kusunga pakamwa. Nkhani ya ulendo wa munthu mwini wake ndiye woilengeza.

Agogo a anthu ambiri a ku Thyolo adabisa ulendo wawo chifukwa adalibe ufulu wochoka, ndipo chinsinsi chawo chidathera m'kuthaŵa usiku. Zidzukulu zawo zili ndi ufulu umenewo, wolembedwa m'malamulo a dziko, ndipo chinsinsi chawo chiyenera kuthera m'kutsazika masana, pa khomo la ofesi, kalata ili m'manja. Akale adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ntchito za m'tauni zimatha, makampani amatsekedwa, ndipo si mmodzi yekha amene adakwera basi ya ku Limbe ndi chimwemwe nabwereranso patapita zaka ziŵiri kudzaima pa chipata cha fakitale yomwe ija. Pa tsiku limenelo mlonda, kalaliki ndi manijala amakumbukira chinthu chimodzi: mmene munthuyo adachokera.